Tsamba lopanda njira ndi tsamba lotayika

Mu 1929, mlembi wa ku Hungary, Frigyes Karinthy, analemba nthano yonena kuti munthu angafikire wina aliyense pa dziko lapansi podzera mwa anthu 5 okha odziwana. Mu 1967, Stanley Milgram anafalitsa zomwe anapeza ku United States atayesa ganizoli ndi makalata opatsirana dzanja ndi dzanja. Ofika anadzera mwa anthu pafupifupi 5 kapena 6, koma ambiri anathera panjira.

Zomwezi tikuziona pa Wikipedia, nkhokwe ya nzeru ya pa intaneti yomwe inayamba mu 2001 ndipo imalembedwa ndi anthu ongodzipereka. Mawu a buluu m'tsamba ndi khomo lolowera tsamba lina, pomwe ofiira amasonyeza tsamba lomwe silinalembedwe. Munthu akadina kangapo, amafika pa nkhani yakutali ndi yomwe anayambira, cifukwa masamba akuluakulu, monga a maiko, ali ngati msika wokumanirapo njira zambiri. Komabe alipo masamba amasiye, omwe palibe tsamba lina lowalozera. Nkhani zake zingakhale zabwino, koma wowerenga sangazipeze podzera m'makomo aja.

Ife tikuti kufupika kwa njira si kudziwa. Wophunzira wodumpha masamba mothamanga wafika, koma sanamvetse. Cofunika n'cakuti pa khomo lililonse anene cifukwa cake zinthu ziwirizo zili pa ubale, ndipo zimenezi mwana amazifotokoza bwino m'cinenero ca kwao.

Ngakhale m'kalasi lopanda kompyuta tingacite zimenezi. Tilembe mawu pa timapepala: cimanga, mvula, mtsinje, Zambezi, Cahora Bassa, magetsi. Ophunzira alumikize timapepalato ndi luzi, aliyense akunena ciganizo cathunthu asanamange mfundo. Kapepala kotsala kopanda luzi kadzatiululira phunziro lomwe tinaphunzitsa palokha, lomwe silicedwa kuiwalika.

Wikipedia ya Cipwitikizi ili ndi nkhani zoposa 1 miliyoni; ya Cinyanja ikadali yaing'ono kwambiri, motero njira zake zimaduka msanga. Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi anzathu, polemba nkhani ya mtsinje, mbewu kapena mudzi wa kwathu, tisaiwale kuitsegulira makomo olowera ndi otulukira, pakuti njira yosayendamo anthu imamera udzu.