Nyenyezi Zisanu: Ulosi Kapena Mtolo?

M'dziko la America muli masewera a mpira omwe ngosiyana kotheratu ndi mpira wamiyendo wodziwika kuno. Mpira wake ngwotalika ngati dzira, amaunyamula m'manja ndi kuuponya, ndipo osewera amavala zisoti ndi zotchinjiriza mapewa popeza amagundana ngati nkhosa zamphongo. Anyamata pafupifupi 1 miliyoni amasewera mpirawu m'sukulu za sekondale chaka chilichonse. Khumbo la ambiri mwa iwo ndi kutengedwa ndi sukulu ya ukachenjede, kumene wosewera waluso amaphunzira mwaulere, ndipo pambuyo pake kulembedwa ntchito m'bungwe la NFL lomwe lili ndi matimu 32 a akatswiri olipidwa.

Mnyamata asanatsirize n'komwe sekondale, pali mabungwe monga Rivals, 247Sports ndi ESPN amene amamuyeza msinkhu, kulemera ndi liwiro, naonerera kaseweredwe kake, kenaka n'kumupatsa nyenyezi. Wapakatikati amalandira zitatu, waluso zinayi, ndipo zisanu zimapita kwa anyamata pafupifupi 30 okha m'dziko lonselo pa chaka. Bungwe la 247Sports limapereka nyenyezi zisanu kwa anyamata 32, pofanizira ndi osewera 32 amene amatengedwa m'gawo loyamba la chisankho cha pachaka cha NFL. Tsono funso n'lakuti: kodi anyamata otamandidwawa amakwaniritsadi zimene anthu amayembekeza?

Ena amanyoza nyenyezizi ponena kuti n'zongopeka, koma mbiri siigwirizana nawo. Vince Young wa ku Houston adaikidwa patsogolo pa anzake onse m'chaka cha 2002, ndipo mu Januwale 2006 adatengera sukulu ya Texas chikho cha dziko lonse pogonjetsa USC ndi 41 kwa 38, iye yemwe atagoletsa kutatsala masekondi 19. Jadeveon Clowney adali woyamba mu 2011, nakhalanso woyamba kusankhidwa ndi NFL mu 2014. Trevor Lawrence, woyamba wa chaka cha 2018, adatsogolera Clemson kugonjetsa Alabama ndi 44 kwa 16 ali ndi zaka 19 zokha, ndipo mu 2021 timu ya Jacksonville idamutenga asanatengedwe wina aliyense. Kwa awa mwambi uja wakuti m'mera mpoyamba udapherezera.

Umboni woposa apa uli m'matimu athunthu. Mtolankhani wotchedwa Bud Elliott adazolowera kuwerenga chaka ndi chaka nyenyezi za anyamata amene sukulu iliyonse idatenga pa zaka zinayi zapitazo. Kuyambira 2013 mpaka 2024, timu iliyonse imene idatenga chikho cha dziko lonse idali ndi anyamata a nyenyezi zinayi kapena zisanu osachepera theka la onse amene idatenga. Motero sukulu yosonkhanitsa anyamata otamandidwa siilakwa masamu.

Komatu kunena zoona za gulu ndi kunena zoona za munthu mmodzi ndi zinthu ziwiri. Marcus Dupree wa m'tauni yaing'ono ya Philadelphia, m'chigawo cha Mississippi, ankalimbiranidwa ndi sukulu zochuluka kotero kuti mlembi Willie Morris adalemba buku lathunthu lofotokoza za kulimbiranako. Adapita ku Oklahoma mu 1982 ndipo chaka choyambacho adadabwitsa dziko lonse ndi liwiro lake. Koma sadamvane ndi mphunzitsi wa timu, adavulala m'mutu, nachoka pasukulupo mu 1983 chaka chachiwiri chili m'kati. Adayamba kusewera molipidwa ali ndi zaka 19, ndipo mu 1985 bondo lidathyoka. Ngakhale adalimbikira nabwerera m'bwalo ndi timu ya Los Angeles Rams mu 1990, ulemerero umene adamulosera sudabwerenso. Oyeza aja sadaname za luso lake. Chimene sakadatha kuyeza ndi bondo, kupukwa kwawo, ndi mtima wa mnyamata wosowa womulangiza.

Nkhani ya Ron Powlus njophunzitsa mwa njira ina. Adalowa sukulu ya Notre Dame mu 1993, ndipo mtolankhani wa pawayilesi ya kanema, Beano Cook, adalosera kuti adzalandira kawiri mphoto ya Heisman, yoperekedwa kwa wosewera wopambana onse m'sukulu za ukachenjede. Mnyamatayo adathyoka fupa la paphewa asanasewere ndi kamodzi komwe. Atachira adatsogolera timuyo zaka zinayi, kuyambira 1994 mpaka 1997, ntchito imene anyamata zikwizikwi angaikhumbe. Komabe ambiri amamukumbukira ngati wolephera chifukwa mphoto ija sadaione ndipo NFL sidamusankhe. Apa wolephera ndani: mnyamata amene adagwira ntchito yake zaka zinayi, kapena mkulu amene adamusenzetsa mtolo umene iye sadaupemphe?

Kumbali ina kuli amene adanyalanyazidwa. J.J. Watt adapatsidwa nyenyezi ziwiri zokha, ndipo pa nthawi ina ankaperekera chakudya m'makomo mwa anthu asanapeze malo ku Wisconsin. Adadzatchedwa wotchinga wopambana onse m'NFL katatu, mu 2012, 2014 ndi 2015. Baker Mayfield adayamba kusewera ku Texas Tech popanda maphunziro aulere, koma mu 2017 adalandira mphoto ya Heisman ali ku Oklahoma, nasankhidwa woyamba mu 2018. Josh Allen adayamba wadzera ku kakoleji kakang'ono ka Reedley popeza sukulu zazikulu sizidamufune, ndipo m'nyengo ya 2024 adatchedwa wosewera wofunika koposa m'NFL. Kuthamanga sikufika, adatero akuluakulu.

Onyoza nyenyezi amakonda kutchula mayina amenewa, koma amaiwala kuwerenga. A nyenyezi zisanu ndi 30 chabe, pamene a nyenyezi zitatu kapena zocheperapo ndi zikwi zambiri. Munda waukulu, ngakhale ukhale wa nthaka yoguga, ukhoza kutulutsa madengu ochuluka kuposa kadimba kachonde, koma izi sizitanthauza kuti nthaka yogugayo ndiyo yabwino. Mnyamata mmodzi wa nyenyezi zisanu ali ndi mwayi wochuluka kwambiri wofika ku NFL kuposa mnzake mmodzi wa nyenyezi ziwiri. Chimene Watt ndi Allen amatsimikiza n'chakuti thupi ndi nzeru za munthu sizileka kukula pa zaka 17, pamene oyeza amatseka mabuku awo.

Mtolowu walemera kuposa kale. Kuyambira mu Julaye 2021 osewera a m'sukulu za ukachenjede adaloledwa kulandira ndalama pa dzina lawo, kotero kuti nyenyezi zidasanduka chuma. Quinn Ewers wa ku Texas adasiya sekondale kutatsala chaka kuti akalowe ku Ohio State, kumene sadasewere kwenikweni. Patapita miyezi yowerengeka adasamukira ku sukulu ya Texas, naifikitsa kawiri mu ndime ya matimu anayi otsiriza. Komabe mu 2025 NFL idamutenga m'gawo lachisanu ndi chiwiri, lomwe ndi lotsiriza. Poyerekeza ndi mnyamata wamba, Ewers adachita zazikulu. Poyerekeza ndi mbiri imene idamutsogolera, adaperewera. Munthu mmodzi yemweyo, miyeso iwiri.

Choonadi tsono chili apa: nyenyezi ndi muyeso wabwino wa poyambira, koma ndi ulosi wosadalirika wa pothera. Kulakwa kumayamba pamene akuluakulu asandutsa muyesowo kukhala lonjezo, namuwerengera mwana ngongole imene sadakongole. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewera m'sukuluzi, limanena kuti mwa osewera 100 alionse, ofika posankhidwa ndi NFL sakwana awiri. Kotero ngakhale kwa wa nyenyezi zisanu, chuma chodalirika chimene sukulu ingamupatse ndi maphunziro aulere aja, pakuti bondo likhoza kuthyoka tsiku limodzi, koma digiri siithyoka.

Mphunzitsi aliyense amene adalembapo malikesi pa pepala la mwana akudziwa kuti nayenso ndi wopereka nyenyezi. Kuyeza sikulakwa, ndipo amene akhoza bwino ayenera kuyamikiridwa. Koma wokhoza bwinoyo afunika womuchenjeza kuti ulendo wangoyamba, ndi womugwira mkono tsiku limene adzapunthwe, chinthu chimene Dupree adachisowa. Wotsalira m'mbuyo afunika womuuza kuti chiweruzo cha lero chikunena za lero lokha. Ndipo wongotsiriza kumene sukulu, kaya adatuluka ndi nyenyezi zisanu kaya ziwiri, akumbukire kuti Trevor Lawrence ndi Josh Allen adadzera njira zosiyana, koma adakakumana m'bwalo limodzi, m'mene palibe amene adafunsa za nyenyezi zawo.