Dalaivala amene anabisa kamera m'buledi

Peter Magubane analowa ntchito ku magazini ya Drum ku Johannesburg chapakati pa zaka za m'ma 1950 ngati dalaivala komanso mesenjala. Mtima wake unali pa kujambula, poti ali mwana wasukulu ku Sophiatown ankaseweretsa kale kakamera ka Kodak Brownie. Koma ntchito imene inalipo inali ya chiwongolero, ndipo iye sanainyoze.

Galimoto ija ndi imene inamuphunzitsa utolankhani. Tsiku ndi tsiku ankanyamula atolankhani ndi ojambula kupita nawo kumene kwagwa nkhani, n'kumaona pamene wojambula amaima, nthawi imene amadina, ndi mmene amalankhulira ndi anthu asanawalozetse kamera. Jürgen Schadeberg, mkulu wa ojambula ku Drum, anamutenga n'kumuphunzitsa mpaka kutsuka zithunzi. Mu 1955 anamutuma ku Bloemfontein kukajambula msonkhano wa chipani cha ANC, ndipo mu 1958 anakhala munthu wakuda woyamba kupata mphoto ya zithunzi za m'nyuzipepala m'dziko la South Africa.

Inali nthawi ya tsankho, apolisi sankafuna kuona munthu wakuda ali ndi kamera. Magubane ankaboola buledi, n'kulowetsamo kamera, n'kumayenda ngati munthu amene akudya, chala chili pa batani. Nthawi zina ankaibisa m'Baibulo lobooledwa pakati. Anajambula maliro a anthu ophedwa ku Sharpeville mu 1960. Atamumanga mu 1969 anakhala m'chitokosi yekhayekha masiku 586, koma mu 1976 anali m'misewu ya Soweto, kamera ili m'manja.

Ku Soweto komweko kunalinso Sam Nzima, amene njira yake inali yokhotakhota kuposa apa. Anayamba ndi ntchito ya m'dimba, kenako kuperekera zakudya ku hotela ya Savoy, kumene mnzake wapantchito anamuonetsa kagwiridwe ka kamera. Ankajambula anzake ogwira ntchito, ankawerenga nyuzipepala mwakhama, ndipo anayamba kutumiza nkhani ndi zithunzi ku nyuzipepala ya The World mpaka anamulemba ntchito mu 1968. Pa 16 June 1976 anajambula Mbuyisa Makhubu akuthamanga atanyamula Hector Pieterson amene apolisi anamuwombera, mlongo wa Hector, Antoinette, akulira pambali. Filimuyo anaibisa m'sokosi kuti apolisi asailande.

Chopweteka n'chakuti chithunzicho chinazungulira dziko lonse, koma umwini wake Nzima anaupeza mu 1998, patatha zaka 22. Wachinyamata aliyense amene lero amatumiza zithunzi kwa akonzi pa WhatsApp aimve bwino mbali imeneyi. Kuno ku Malawi lamulo la 2016 loteteza umwini wa zaluso limakhudzanso zithunzi, ndipo palibe chamwano kufunsa mkonzi ngati dzina lako lituluke pansi pa chithunzi, komanso ngati alipira.

Achinyamata ambiri amene amalakalaka utolankhani amadikira malo ku MUBAS kapena ku Malawi Institute of Journalism. Sukulu ndi yofunika ndithu, makamaka pa malamulo oipitsa mbiri ya munthu ndi mwambo wa ntchito. Koma kudikira manja ali m'thumba n'kumene kumawononga zaka. Wayilesi za m'madera monga Dzimwe, Mzimba ndi Nkhotakota zimafuna anthu otola nkhani za kumidzi, ndipo masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe amafuna olemba chinenerochi mosadodoma. Lamya ya m'manja imene mnyamata wa pa Lunzu ali nayo imajambula bwino kuposa Brownie ya Magubane.

Chimene chimagwetsa oyamba kumene kawirikawiri si kamera ayi. Amabweretsa chithunzi chokongola cha mlatho wokokoloka, koma mkonzi akafunsa dzina la mtsinje, tsiku, mfumu ya deralo ndi mayina a anthu amene akuonekawo, yankho palibe, chithunzi n'kuthera m'kompyuta. Amene wayenda ndi kabuku, walemba dzina lililonse n'kufunsa kalembedwe kake, ndiye amamuimbiranso sabata yotsatira.

Magubane anadzakhala wojambula wa Nelson Mandela kuyambira 1990 mpaka 1994. Anamwalira pa 1 January 2024 ali ndi zaka 91.