Injini siivuta, chimene chimatha ndi thupi la njinga

Abale anga a ku Kawale, Area 25 ndi Chinsapo, msika wa fodya ku Kanengo wayandikira, ndipo mafoni ayamba kale kulira: "Achimwene, tigule njinga yanji yoti mnyamata wathu aziyendetsa kabaza?" Ndiyankhe pano kamodzi kuti ndisamangobwereza. Ine si makaniki ayi, ndine mlimi wa soya ndi mtedza kuno kwa Njewa, koma njinga yamoto ndakhala nayo kuyambira 2019, ndipo fumbi ndi matope yadya zokwanira.

Anthu amakonda kunena kuti njinga za ku China n'zachabe. Ine ndimakana, ngakhale sindikana zonse. Injini zambiri mukuzimva zikulira pa msewu wa Mchinji, zija za 125 ndi 150, anatengera ya Honda CG125 imene inatuluka mu 1975. A Honda anaipanga dala ataona mmene anthu a m'mayiko osauka amazunzira njinga: banja lonse pampando umodzi, oyilo osasintha mpaka kuda ngati phula. Ndiye anapanga injini yosalira zambiri, yoti makaniki wa pansi pa mtengo wa mango angathe kuimasula ndi masipanala ochepa n'kuibwezera dzuwa lisanalowe. Mtima umenewo ndi wolimba. Yanga injini sinatsegulidwepo pakati mpaka lero, tinangosintha maring'i kamodzi basi.

Vuto lili pa zimene anazungulizira injiniyo. Dzina la njinga yanga sinditchula, koma chaka choyamba chisanathe mabawuti anali atayamba kugwa okha m'njira. Kaliyala inathyoka, tinawotcherera. Masipoko akumbuyo ankaduka awiri awiri. Mashoko anatha mphamvu msanga, moti ukaponda kadzenje msana umadziwa. Nanga mawaya! Mvula ya Januwale ikangogwa, nyali imayaka ikafuna yokha. Penti yonyezimira ija ya m'shopu inasuluka, dzimbiri n'kuyamba pa paipi ya utsi. Apa ndi pamene opanga anachepetsera ndalama, pa chitsulo chopyapyala ndi mabawuti ofewa, chifukwa akudziwa kuti wogula amayang'ana thanki ndi zomata zake.

Taonani Yamaha AG200 imene alangizi ndi anthu a mabungwe amayendera m'midzi muno. Imeneyo inapangidwira kumunda, tcheni chake n'chotsekeredwa mkati kuti mchenga usachidye, ndipo zina zakalamba koma zikuyendabe. Kungoti mtengo wake si wa ife ogulitsa soya pa sikelo ya mavenda, komanso sipeya yake sumaipeza pa kagolosale kalikonse. Boxer ndi TVS za ku India zili pakatikati. Kwa ine thupi lake n'lolimbirapo, ndipo ndalama zikakhalapo ndingawonjezere n'kutenga imeneyo.

Koma tisamangonena opanga. Kabuku ka njinga yanga kamati katundu yense, woyendetsa ali momwemo, asapose makilogalamu 150. Tsono pitani pa siteji m'mawa muone: matumba atatu a chimanga a 50 kg, woyendetsa, pamwamba pake mayi ali ndi mwana kumbuyo. Ngakhale bulu angakane. Njinga yotere felemu ikapindika, wolakwa ndani?

Oyilo ndiye nkhani imene imandipweteka mtima. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo zilibe fyuluta yeniyeni ngati ya galimoto, kuli kasefa kawaya. Ine ndimasintha ndikayenda makilomita 1,000, nthawi ya fumbi ndisanafikeko n'komwe. Anyamata ambiri amagula oyilo wopima m'mabotolo a sobo, wosadziwika kumene wachokera, wina anatsika kale m'galimoto. Kasiponji kosefa mpweya sakachapa, pamene mu Okutobala fumbi la m'njira zathu limalowa ngati ufa. Fumbi likafika m'kati limapala pisitoni, ndipo pakatha miyezi ingapo njinga iyamba kufuka utsi wabuluu.

Inu a m'tauni, apa ndi pokhudza inu. Mumagula njinga, mumupatsa mnyamata, n'kumuuza kuti azikupatsani zakuti tsiku lililonse. Za oyilo, tcheni ndi mabuleki simunakambirane. Iye kuti akwanitse ndalama yanu ndi ya ndiwo kunyumba kwake, amanyamula chilichonse ndipo sevisi amaidumpha. Chaka chikatha mumabwera kudzadandaula kuti anakugulitsani njinga yabodza. Patulani ndalama ya sevisi kuchokera pa gawo lanu, oyiloyo muzigula nokha wotseka bwino, mlungu uliwonse wina azimanga mabawuti.

Chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya anakwera koopsa, ndipo otchipa osalimba anachuluka. Tcheni ndi masiproketi mukawapeza pa mtengo wokusangalatsani, dziwani kuti mubwereranso posachedwa. Choncho musanalipire njinga, musataye nthawi kukangana za Lifo, King Lion kapena SanLG. Pitani kwa amakaniki awiri kapena atatu, wa kuno kwa Njewa ndi a ku Biwi, muwafunse kuti ndi iti imene masipeya ake abwino amapezeka tsiku lomwelo. Njinga yodikira sipeya milungu iwiri siibweretsa kanthu pakhomo.

Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, pitani m'mamawa mwiniwake asanailize. Gwirani injini ikhale yozizira, muilize nokha, muone utsi. Kenako gwadani pansi muyang'ane felemu pansi pa mpando ndi pakhosi pafupi ndi mahandulo. Mukaona powotcherera popakidwa penti yatsopano, tsanzikani bwinobwino muzipita, ngakhale wogulitsayo atakhala mlamu wanu.