Roketi yopanda maso si chinthu chonyadira

Asisi, dziko likamadzitama kuti "zida izi tapanga tokha," ife tizifunsa kaye kuti zikagwera pa ndani.

Tengani Valkiri ya ku South Africa. Boma la tsankho linaipanga litalawa ukali wa maroketi a Soviet otchedwa Grad ku nkhondo ya ku Angola. Ndi galimoto yonyamula mipope 24, ndipo roketi iliyonse imauluka makilomita 22, pafupifupi kuchoka pa Nathenje kufika mu town. Chowongolera ilibe. Akangoziwombera zimamwazika dera lonse, basi. Tangoganizani tsiku la msika pa Mitundu: amayi a tomato, atsikana a mandasi, wina mwana ali kumsana. Roketiyo siifunsa kuti wamfuti ndi uti.

Si nthanotu izi. Pa 3 May 2024 mabomba anagwera m'misasa ya othawa nkhondo ku Mugunga, pafupi ndi Goma, n'kupha amayi ndi ana. Chigawo chomwecho n'kumene asilikali athu atatu anafera mu January 2025. Kwathu konkuno, agogo a m'mphepete mwa Dzalanyama akukumbukirabe anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992.

Mu November 2022 ku Dublin, Malawi anavomereza chikalata chochepetsa kugwiritsa ntchito zida zophulika m'malo okhala anthu. Zabwino ndithu, koma pepala lokha silitchinga denga. Tikufuna boma liikankhe nkhaniyi ku SADC, kumene kuli opanga zidawo. A MP akabwera kudzagawa zitenje, afunseni kuti ayankhula liti za izi mu Parliament.