Cithunzi Kapena Galafu?

Ana inu, pofotokozera anzanu za ukulu kapena kuculuka kwa cinthu, mukhoza kujambula cithunzi cace, kapena kulemba galafu. Musanasankhe, yambani mwadzifunsa kuti: kodi cinthuci cikhala momwemo masiku onse, kapena cisintha ndi nyengo?

Taonani mathithi a Mosi-oa-Tunya, pafupi ndi mzinda wa Livingstone. M'mimba mwace ndi mamita 1,708, ndipo pamene madzi agwa patali koposa ndi mamita 108. Kunsi kwace mtsinje wa Zambezi uyenda mokhotakhota m'zigwembe zakuya, ndipo pa cigwembe cina pali ulalo umene unatha kumangidwa m'caka ca 1905. Izi sizisintha caka ndi caka, motero cithunzi cokhala ndi miyeso yace cikwanira.

Koma madzi ali ndi khalidwe lina. Aculuka koposa mwezi wa Epulo, mvula italeka kale, pakuti ocokera ku Angola acedwa m'cigwa ca Barotse. Pofika Novembala acepa ndithu, ndipo mbali ya ku Zambia matanthwe akhala poyera. Cithunzi cionetsa tsiku limodzi lokha. Galafu ndiyo ionetsa miyezi yonse 12 pamodzi.

M'caka ca 2019 kunali cilala, ndipo zithunzi za matanthwe ouma zinafalikira m'maiko ambiri. Anthu ena anayesa kuti mathithi atheratu. Nanga alendo akaleka kubwera cifukwa ca mbiri yotere, osema ziboliboli ndi anchito a m'mahotela adzadya ciani? Bungwe la Zambezi River Authority liyesa madzi a mtsinjewu. Galafu ya miyeso yace ya zaka zambiri inena zoona ziwiri: kuti madzi acepa cilimwe ciri conse nabwereranso, ndi kuti caka cimeneco anacepa koposa zaka zambiri, kotero kuti magetsi a ku Kariba anasowa.

Ena adzati galafu ibvuta kuwerenga. Inde, ifuna kuphunzira, monga kuwerenga kalata kufunanso kuphunzira. William Playfair, wa ku Scotland, anasindikiza magalafu ace m'caka ca 1786 kuti anthu asatope ndi manambala ambirimbiri. Inunso yambani kuwerenga mau olembedwa pansi ndi pambali pa galafu, pambuyo pace mutsate mzere. Mukatero, cithunzi ca tsiku limodzi sicidzakunyengani.