Akuti ndisiye sikelo, andigulira kachigamba



Ndine mayi wa zaka 23 ndipo ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yoyamba. Kusikelo anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndizipita pafupipafupi. Koma kuchipatala n'kutali, kabaza yekha akutidyera ndalama. Tsono amuna anga aona pa Facebook kachigamba komata pamkono, akuti n'kopangidwa ndi zinthu zachilengedwe ndipo kamayeza BP ndi shuga n'kutumiza zotsatira pafoni. Akufuna atumize ndalama kwa wogulitsayo kuti ndizingoyezera pakhomo. Ndikakana amati ndimakonda kuyendayenda. Nditani?

Mayi wodandaula, Dedza

Mdzukulu wanga,

Ndalamayo isatumizidwe, ndipo sikelo usasiye.

Amuna akowo sanalote ayi, tizigamba totere akatswiri akutipangadi. M'chaka cha 2016, a pa yunivesite ya Tsinghua ku China anawotcha nsalu ya silika, ulusi uja umachokera ku mbozi, mpaka inasanduka ngati khala lotha kudutsa magetsi. Nsaluyo ikatamuka ngakhale pang'ono, mphamvu ya magetsi odutsamo imasintha, motero ikamatidwa padzanja imamva kugunda kwa mtsempha, pachifuwa imamva kupuma. Mu 2018, a pa yunivesite ya Tufts ku America anapanga kena kokhala ndi silika mkati, kakang'ono mamilimita awiri okha, komata padzino kuti kazizindikira shuga, mchere ndi mowa zimene munthu waika m'kamwa. (Kameneka amayi ambiri akanakagulira abambo!) Ena akuyesa mapepala, thonje ndi zigoba za nkhanu. Ubwino wake n'tofewa pakhungu, ndipo mbali yachilengedweyo imawola ikatayidwa.

Koma zambiri mwa zimenezi zikadali m'manja mwa ofufuza. Kumva kugunda kwa mtsempha n'kwina, kupereka nambala ya BP yoti namwino adalire pa mayi woyembekezera n'kwinanso. Thukuta ndi chinyezi zimasokoneza silika ndi pepala. Nanga iwe wotakataka pamoto ndi kudimba, kangakuuze zoona? Pa za shuga, mu February 2024 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu kuti asadalire mawotchi ndi mphete zomwe amati zimayeza shuga popanda kuboola khungu. Ndipo mawu oti "zachilengedwe" asakukope. Ogulitsa amadziwa kuti tikawamva timafewa mtima.

Tsono za iwe. BP ya mayi woyembekezera ikafika 140 pa 90, makamaka mimba ikapitirira masabata 20, si nkhani yoseweretsa. Ikhoza kufika pokomoka ndi kugwedezeka, mayi ndi mwana yemwe n'kutayika, ndipo nthawi zambiri imakwera mwakachetechete iwe ukudzimva bwinobwino. Kusikelo samangoyeza BP. Amayeza mkodzo, amamvetsera mtima wa mwana, amaona mmene akukulira, amakupatsa mapilitsi owonjezera magazi ndi oteteza malungo. Kachigamba kangachite ziti pamenepa? Kuyambira 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi aonedwe kasanu ndi katatu asanachire, ndiye iwe wa BP ungafunike kuposa apo.

Inu bambo, ndikudziwa kuti kabaza akupweteka m'thumba, ndipo maganizo ofuna kuyezera pakhomo si oipa. Ngati ndalama ilipo, gulani kufamase makina a BP omanga pamkono aja, mupite nawo kwa namwino awaone ndi kukuphunzitsani kayezedwe. Manambala muzilemba m'kope n'kumapita nalo kusikelo. Zoti mayi akukonda kuyendayenda zisiyeni. Tsiku lina muwaperekeze, mukadzimvere nokha zimene anamwino akunena.

Mdzukulu wanga, ukamva mutu waukulu wosaleka, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja kapena kupweteka pansi pa nthiti, usadikire tsiku la sikelo, nyamuka nthawi yomweyo ngakhale usiku. Ulendo ukubwerawu ufunsenso anamwino za kukadikirira kuchipatala masiku akayandikira, poti kwanu n'kutali.

Agogo