Wophunzira aone pepala lake lisanatsekeredwe mu kabati

Mwana akalemba mayeso a MSCE, pepala lake limachongedwa ndi munthu amene sadzaonana naye, ndipo wochongayo amangoona nambala. Akafika ku yunivesite zinthu zimatembenuka. Amene anaima kutsogolo kwa kalasi semesita yonse ndi yemweyo anakonza mafunso, ndi yemweyo anachonga, ndipo mwina ndi yemweyo adzayang'anira kafukufuku wake m'chaka chomaliza. N'chifukwa chake wophunzira akaona pa foni kuti walephera phunziro limene ankaliona ngati wakhoza, amayamba wadzifunsa ngati kudandaula sikumuchititsa kutchedwa wamwano. Ambiri amangomeza malovu n'kuyamba kuwerengera mayeso obwereza, aja a sapu.

Komatu malikisi ochepa chabe amatha kusintha moyo wa munthu. Phunziro limodzi likhoza kumubwezeretsa chaka, angapo akhoza kumuchotsetsa sukulu. Kumbuyo kwake kuli ngongole yochokera ku bungwe la ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, yomwe adzabweze ndithu, komanso makolo amene anagulitsa soya kapena mbuzi kuti mwana alipire nyumba ku Chikanda, ku Zomba.

Njira yodandaulira ilipo, ndipo sindikufuna kuinyoza. Malikisi sachoka m'manja mwa mphunzitsi n'kulunjika kwa wophunzira. Amakambidwa ku dipatimenti, amadutsa m'makomiti, ndipo Seneti ya yunivesite ndiyo imavomereza komaliza. Wosakhutira amalemba kalata ya apilo m'masiku amene malamulo a sukulu yake anaika. Chimene chimandivutitsa n'chakuti kawirikawiri amalemba kalatayo asanalione pepala lake. Akudandaula za chinthu chimene sakuchidziwa, ndiye kalata imadzaza ndi mawu oti ndinawerenga usiku wonse, ndine mwana wamasiye, chonde mundiganizire. Komiti ikawerenga zimenezi ingamve chisoni, koma ilibe poyambira.

Pepala likanakhala pamaso pake, nkhani ikanakhala ina. Tinene kuti pachikuto palembedwa 44 ndi cholembera chofiira. Wophunzira akutsegula tsamba ndi tsamba, akuwonkhetsa manambala a m'mphepete, akupeza 51. Yankho la funso lachitatu linapitirira kuseri kwa tsamba lomaliza, ndipo kumeneko kulibe chizindikiro chilichonse cha inki yofiira. Kapena pa ntchito ya pagulu dzina lake linaiwalika, malikisi a m'kati mwa semesita n'kulowa m'kompyuta ngati ziro. Zoterezi si nkhanza za mphunzitsi. Zimachitika munthu mmodzi akamachonga mapepala mazana m'masiku ochepa, usiku, magetsi atazima. Ndipo nthawi zina wophunzirayo akaona pepala lake amangogwedeza mutu n'kuvomereza kuti funso analimva molakwika. Nayenso wapindula, chifukwa pa sapu sadzagweranso pomwepo.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 43, amapereka ufulu woti munthu auzidwe zifukwa, zolembedwa, pamene aulamuliro apanga chiganizo chokhudza ufulu kapena zofuna zake. Sindikunena kuti aliyense wolephera athamangire kukhoti. Ndikungoona kuti mzimu wa gawo limeneli ndi woti nambala yokha si yankho lokwanira, makamaka nambala imene ikubweza munthu kumudzi.

Koma zifukwa sizingaperekedwe kumapeto ngati muyeso sunanenedwe pachiyambi. Apa m'pamene course outline, kapepala kamene ophunzira ambiri amangokajambula pa foni n'kukaiwala, kamakhala kofunika. Kakalembedwa bwino kamanena mitu imene iphunzitsidwe, kuchuluka kwa asayimenti, gawo la malikisi lochokera m'kati mwa semesita ndi la mayeso omaliza, chilango cha wopereka ntchito mochedwa, ndi chimene chichitike kwa wokopera. Masiku ano kayeneranso kunena ngati ChatGPT ndi zida zina zotere zikuloledwa, ndi pa ntchito iti. Kapepalaka kamamanga mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi amene wasintha kagawidwe ka malikisi sabata yomaliza, osauza kalasi, wapatsa ophunzira chifukwa chomveka chodandaulira. Wophunzira amene sanapereke asayimenti yachiwiri, tsiku lake lili lolembedwa kuyambira sabata yoyamba, alibe mlandu woti apite nawo kwa mkulu wa dipatimenti, ngakhale zitamupweteka bwanji.

Ophunzira ena amaiona apilo ngati kunenerera mtengo pamsika, kuti mwina awonjezeredwa awiri kapena atatu. Khalidwe limeneli limaumitsa mitima ya aphunzitsi, ndipo wovutika ndi uja amene pepala lake linawonkhetsedwadi molakwika. Khama ndi lolemekezeka, koma mayeso amayesa zimene zalembedwa papepala.

Aphunzitsi nawo ali ndi mantha awo. Makalasi a chaka choyamba ndi odzaza, ndipo akuti ukatsegula chitseko aliyense adzabwera kudzakangana. Ine ndikuona kuti chitseko chotseka ndicho chimabweretsa zoipa zazikulu. Pamene malikisi ali chinsinsi cha munthu mmodzi, wophunzira amapita yekha ku ofesi madzulo kukapempha, ndipo kupempha koteroko n'kumene anthu opanda khalidwe amapezerapo mwayi, makamaka pa atsikana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, koma lamulo limagwira ntchito mosavuta pamene malikisi ali poyera ndipo palibe chifukwa choti wina akagwade kwa wina.

Chimene ndikanakonda kuona ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi m'makoleji omwe si aboma n'chosafuna ndalama zambiri. Pakhale tsiku limodzi lodziwika, malikisi asanapite ku Seneti, mapepala aikidwe patebulo m'kalasi, mayankho oyembekezeka aikidwe pambali pake, ndipo pakhale mphunzitsi wachiwiri. Wopeza cholakwika pa kuwonkhetsa akonzeredwe pomwepo. Wotsutsa kachongedwe alembe fomu, atchule funso ndi chifukwa chake, pepala lipite kwa wochonga wina amene sanauzidwe dzina la mwini wake, ndipo yankho libwere lolembedwa sapu isanayambe.